Mcheni, Nsomba Yodula Chingwe ya Kunsi kwa Kapichira

Dzuwa likungosuzumira kuseri kwa mapiri a Thyolo, ndipo pa Shire, kumunsi kwa Chikwawa, boti likutsetsereka lokha ndi madzi injini atazimitsa. Bambo amene wakhala kutsogolo waponya kachitsulo konyezimira m'mphepete mwa bango. Akukulunga chingwe, osafulumira. Kaponyedwe koyamba kapita pachabe, kachiwirinso chimodzimodzi. Pa kachitatu ndodo yapindika ngati uta, chingwe chayamba kulira chikuthawa, ndipo patali pang'ono nsomba yoyera mbee, ya mchira wofiira, yatumpha m'mwamba ikupukusa mutu ngati galu wagwira nsanza. Kenako zii. Chingwe chili lende, kachitsulo kaja kabwerera kokha, kali ndi zipsera za mano.

Ameneyo ndi mcheni, nsomba imene Azungu amaitcha tigerfish. Aliyense amene anaiwedzapo amaidziwa mphindi imeneyi. Owedza a ku Zambezi ali ndi kanthabwala kawo koti mwa mcheni khumi amene aluma nyambo, wofika m'boti ndi mmodzi. Palibe anawerengadi, koma palibenso amene amatsutsa kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti nsomba zambirizi sizipulumuka chifukwa choti munthu ali ndi ndodo yotchipa. Zimapulumukira pa kachidutswa komalizira ka chingwe, kosaposa kutalika kwa mkono, pamene pali waya, mfundo ndi mbedza.

Poyamba pafunika kumasula chisokonezo cha dzina. Munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota akamva zoti mcheni, maganizo ake amathamangira ku nsomba yaitali ya m'nyanja ya Malawi imene imasaka usipa. Imeneyo ndi ya banja limodzi ndi chambo ndi utaka, ndipo akatswiri amaitcha Rhamphochromis. Mcheni wa ku Chigwa cha Shire ndi wina. Dzina lake la sayansi ndi Hydrocynus vittatus, kutanthauza galu wam'madzi wamizeremizere. M'nyanja ya Malawi mulibe. Chomutchinga ndi mathithi a pakati pa Shire, kuyambira ku Kholombidzo, kudzera pa Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga mpaka pa Kapichira. Mathithi a Kapichira omwewo, amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, ndi amene amabweza nsombayi. Choncho Mmalawi wofuna kuiona ayenera kutsika Thabwa, n'kukaifuna ku Chikwawa, m'Dambo la Njovu, ku Chiromo kumene Ruo amathira mu Shire, kapena ku Nsanje. Kunja kwa dziko lino imapezeka mu Zambezi, mu Luangwa, m'nyanja ya Kariba, ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, komanso ku damu la Jozini ku South Africa.

Thupi lake ndi la mlenje weniweni. Ndi lalitali, lasiliva, ndi mizere yakuda yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Mchirawo ndi wamphanda, wofiirira. Mano ndi akuthwa ngati misomali, ndipo nsombayi ikatseka kamwa mano a m'mwamba amalowa m'mipata ya a m'munsi, moti amaonekabe kunja. Akatha ntchito amaguluka, ena n'kumera. Mcheni amene amagwidwa kawirikawiri amalemera kilogalamu imodzi mpaka zinayi, ndipo zikuluzikulu zambiri zimakhala zazikazi. Wamkulu kwambiri amene analembedwa m'mabuku a owedza ndi mbedza anali wa makilogalamu 16.1, ndipo anagwidwa ku Kariba mu 2001 ndi mayi wina, Jennifer Daynes.

Liwiro lake linadabwitsa ngakhale akatswiri. Mu 2014 ofufuza a pa North-West University ku South Africa anasindikiza zimene anaona ndi kujambula pa damu la Schroda, m'nkhalango ya Mapungubwe: mcheni akutumpha m'madzi n'kuwakha anamzeze akuuluka. Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi inkamveka ngati bodza la asodzi.

Tsono nsomba yotere imafuna zida zotani? Ndodo isadetse nkhawa kwambiri. Yotalika pafupifupi mamita awiri, yolimba msana koma yofewerapo kunsonga, ndi yokwanira. Chofunika n'chakuti ikhale ndi mphamvu yokhomera mbedza, pakuti ndodo yofewa ngati ya matemba imangopindika osalasa kanthu. Kagudumu kokulungira chingwe, kamene m'masitolo amati reel, kakhale kotha kusunga mamita 150 kapena 200. M'kagudumuka muli buleki, imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Apa ndiye poyenera kuonetsetsa pogula. Kokani chingwe ndi dzanja: ngati chikutuluka mosalala, zili bwino, koma ngati chikudumphadumpha, mcheni adzachidula pa kuthawa kwake koyamba. Odziwa amamanga bulekiyo kuti iyambe kumasula nsomba ikakoka ndi mphamvu yofika gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe.

Chingwe chili mitundu iwiri. Nayiloni wamba ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka paliponse, koma amatamuka ngati legeni. Nsomba ikaluma pa mtunda wa mamita makumi atatu, munthu n'kukoka ndodo, mphamvu yambiri imathera m'kutamukako isanafike pa mbedza. Chingwe cholukidwa, chimene amati braid, sichitamuka, n'chopyapyala ndipo chimaponyeka patali. Cha mphamvu ya makilogalamu 9 mpaka 14, chimene pa chikutiro amalemba 20 lb kapena 30 lb, chimagwira ntchito bwino. Vuto lake n'lakuti chimacheka zala. Wochikoka ndi dzanja chitakodwa pa chitsa amabwera kunyumba ndi bala.

Tafika pa kachidutswa kaja. Mcheni sangawedzedwe popanda waya. Nayiloni, ngakhale wonenepa chotani, amadulidwa kamodzi n'kamodzi. Pakati pa chingwe ndi mbedza pamayenera kukhala waya wachitsulo wa masentimita 20 kapena 30, wa mphamvu yoposa pang'ono ya chingwecho. Ena amakonda waya wa ulusi umodzi, wonga wa gitala, chifukwa ndi woonda ndipo nsomba siiuona msanga, ngakhale kuti ukapindika kamodzi ndiye kuti watha, uyenera kutayidwa. Ena amakonda wopota wokutidwa ndi pulasitiki, umene ndi wofewa ndipo nyambo imavina nawo bwino. Uliwonse umene munthu wasankha, akagwira nsomba ayendetse chala pa wayayo. Pakakhala popindika kapena pokhakhala, asinthe pompo. Ulesi wa mphindi ziwiri umenewu ndi umene umatayitsa nsomba ya tsikulo.

Pamwamba pa waya pamakhala kachitsulo kozungulira, swivel, kamene kamaletsa chingwe kupotana. Kakhale kakuda. Mcheni amayenda m'magulu, ndipo mmodzi akakodwa n'kumathawa, anzake amamutsatira ali ndi dyera. Akaona kanthu konyezimira kakuthamanga m'madzi amakaluma, n'kudula chingwe pamwamba pa waya. Munthu amangodabwa kuti chingwe chaduka bwanji pomwe waya anaika.

Nanga mbedza? Mkati mwa kamwa la mcheni ndi fupa lokhalokha. Pofewa ndi pochepa, makamaka m'ngodya za kamwa ndi kunsi kwa lilime. Mbedza yobuntha imangotsetsereka pa fupalo. N'chifukwa chake wowedza wozolowera sayenda wopanda katupa kakang'ono m'thumba. Amayesa nsonga ya mbedza pa chikhadabo cha chala chachikulu: ikakanda n'kumata, ndi yakuthwa, ikatsetsereka, ibwerere ku tupa. Amayesanso nsomba ikaluma n'kuphonya, chifukwa kugunda kumodzi pa fupa kumakwanira kupinda nsonga. Masaizi amene amagwira ntchito ndi 4/0 mpaka 6/0.

Nyambo zambiri za m'sitolo zimabwera ndi mbedza ya mano atatu. Poiyang'ana imaoneka ngati ndiyo yosaphonya, koma kwa mcheni zimatembenuka. Mphamvu ya kukoka imagawikana pa nsonga zitatu, ndiye palibe imene imalowa mokwanira, ndipo nsomba ikatumpha imapeza pogwira pokankhira chitsulo chonse kunja. Owedza ambiri a ku Zambezi amangofika n'kuichotsa, n'kuikapo mbedza imodzi yolimba. Imalasa bwino, siikodwakodwa m'namasupuni, komanso ndi yosavuta kuichotsa m'kamwa mwa nsomba, kaya m'chala cha mwini wake tsoka likagwa.

Pa nyambo zopanga, yachikale imene siinagwepo mphwayi ndi supuni, kachitsulo kopindika konga supuni yopanda chogwirira, ka mtundu wa mkuwa kapena siliva, nthawi zina kopakidwa zofiira mbali imodzi. Kakamakokedwa kamagwedezeka n'kumanyezimira ngati kansomba kovulala. Palinso spinner, imene ili ndi katsamba kachitsulo kozungulira, ndipo ambiri amakolekako kachidutswa ka nsomba kuti fungo lithandizane ndi kunyezimira. Nyambo za pulasitiki zooneka ngati nsomba nazo zimagwira, kungoti mcheni amazibowola, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Munthu wosunga ndalama ayambe ndi masupuni atatu kapena anayi olemera mosiyana, kuti ena aziyenda pamwamba ena azimira.

Kakokedwe kakhale kachangu ndithu. Mcheni amasaka ndi maso ndipo anazolowera kuthamangitsa. Nyambo yoyenda mwaulesi amaiyang'ana n'kuisiya. Ikagundidwa, osayembekeza: kokani ndodo mwamphamvu cham'mbali, kawiri kapena katatu, chingwe chili chokungika.

Nyambo yanyama ili ndi malamulo ake, ndipo apa ndiye pamene mawu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito. Kansomba kamoyo, kaya kachidutswa kochekedwa motalika kuchokera m'nthiti mwa nsomba, kamaponyedwa kuti kaziyenda ndi madzi kumbali kwa boti, chingwe chili chomasuka. Mcheni kawirikawiri amagwira nyambo chopingasa, n'kuthawa nayo, kenako n'kuitembenuza kuti ameze. Wokoka pa kugunda koyamba amangoisolola m'kamwa. Pamafunika kuilola ithawe masekondi angapo, chingwe chikutuluka, mtima ukugunda, kenako n'kutseka reel. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito mbedza yozungulira, imene nsonga yake imapindikira mkati. Imeneyi safuna kuikoka mwadzidzidzi ayi. Munthu amangokulunga mpaka chingwe chikungike, mbedzayo n'kutsetsereka yokha kukakola pa ngodya ya kamwa, pomwe paja pofewa. Ubwino wake wina n'ngwakuti nsomba siimeza mbedza mpaka m'mimba, choncho ikhoza kubwezedwa ili moyo.

Ku Kariba nkhani ya nyambo ndi kapenta. Damulo litamangidwa mu 1959, kansomba kameneka kanabweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mcheni, amene kale anali nsomba ya mumtsinje, anaphunzira kukasaka pakati pa nyanja. Owedza kumeneko amamangirira boti pa mitengo youma imene inamira damu litadzaza, n'kumawaza kapenta pang'onopang'ono kuti aitane nsomba, kwinaku atakoleka tiwiri kapena titatu pa mbedza. Mpikisano waukulu wa kumeneko, Kariba Invitation Tiger Fish Tournament, unayamba mu 1962 ndipo umachitika cha mu Okutobala.

Nsomba yakodwa, tsopano nkhondo. Kulakwa kwa ongoyamba kumene n'kukweza ndodo m'mwamba, monga amachitira pokoka mlamba. Ndodo ikaloza kumwamba imakokera mutu wa mcheni pamwamba pa madzi, n'kumulimbikitsa kutumpha, ndipo ndi m'mwambamo mmene amalavula mbedza. Nsonga ya ndodo ikhale pansi, cham'mbali, ngakhale kukhudza madzi. Chingwe chikayamba kukwera, chizindikiro choti nsomba ikubwera kudzatumpha, munthu atsitse ndodo kwambiri n'kupitiriza kukulunga. Chingwe chisakhwefuke ngakhale kamphindi. Nthawi zina mcheni amatembenuka n'kuthamangira ku boti komweko, chingwe n'kuti lende, munthu n'kuganiza kuti yapita. Akulunge mwachangu, mwina ikadalipo.

Mphamvu zake sizikhalitsa. Amathawa kawiri katatu, kutumpha kangapo, n'kutopa. Koma pafupi ndi boti amakhala ndi kudzambatuka kumodzi kotsiriza, ndipo ambiri amatayika pomwepo, munthu atayamba kale kuitanitsa foni yojambulira.

Malo oponyera nawo ndi nkhani. Mcheni sakonda madzi ongoima, osowa mpweya. Amabisala pamene madzi othamanga akumana ndi odekha: kuseri kwa mwala kapena mtengo wogwera m'madzi, pamene mchenga wathera n'kuyamba phompho, pamathiriro a timitsinje, ndi pokhota mtsinje, mbali yakunja kumene madzi akumba. Timagulu ta nsomba zing'onozing'ono tikayamba kubalalika pamwamba, kapena mbalame zikamagwera pamalo amodzi, pansi pali mlenje. M'mamawa ndi chakumadzulo ndiye nthawi yabwino. Pa chaka, miyezi yotentha ya Seputembala mpaka Novembala ndi imene imakoma, madzi atatsika, atayera ndiponso atafunda. M'nyengo yozizira nsomba imachita ulesi m'malo ambiri, ngakhale kumtunda kwa Zambezi, ku Barotseland, Juni ndi Julayi ndi miyezi yotchuka, chifukwa madzi osefukira akamaphwa tinsomba timakakamizika kubwerera mumtsinje, mcheni ali chire kudikira. Mvula ikayamba madzi amada ndi matope, nsomba n'kupita kukaswana. Ku Zambia boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale pa chifukwa chomwechi.

Tsono miyezi yabwinoyo ndi imene ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40. Chipewa, malaya a manja aatali ndi madzi akumwa ambiri si zapamwamba ayi. Magalasi akuda amathandiza kuona pansi pa madzi, komanso amateteza maso supuni ikalavulidwa n'kubwerera ngati mwala wa legeni.

Choopsa chenicheni si dzuwa. Shire ndi Zambezi ndi mitsinje ya ng'ona ndi mvuu, ndipo anthu a m'mphepete mwake amaika maliro chaka ndi chaka chifukwa cha nyama zimenezi. Wowedzera pamtunda aime mamita angapo kuchokera pamadzi, pamalo okwera, asatembenukire mtsinje msana, ndipo asamabwerere pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, poti ng'ona imaphunzira. Nyambo ikakodwa m'bango, ingodulidwa. Supuni ili ndi mtengo wake m'sitolo, mwendo ulibe. Wa m'boti asalendewetse manja kapena miyendo m'madzi, avale jekete yoyandamitsa, ndipo apatukire patali mvuu, makamaka ya mwana. Mlendo wanzeru amalemba msodzi wa pamalopo kuti amutsogolere. Mkulu amene wakhala akupalasa bwato pamenepo chikhalire amadziwa dziwe limene muli mvuu yolusa, ndiponso malo amene mcheni amadyera, zinthu zimene sitolo iliyonse ya zida siingagulitse. Ameneyo apatsidwe ulemu wake ndi malipiro oyenera.

Pali funso limene Mmalawi aliyense amafunsa akaona munthu wagwira nsomba ya makilogalamu asanu, waijambula, n'kuibwezera m'madzi: kodi mutu ukuyenda bwino, ndiwo zonsezi? Funsolo si lopusa. Kwa banja la ku Chiromo nsomba ndi chakudya ndi ndalama ya sukulu, ndipo palibe wa masewera amene ali ndi ufulu wolinyoza. Koma amene wabwera kuchokera m'tauni ndi galimoto, atanyamula kamba wake, nkhani yake ndi ina. Nsomba yaikulu imene wagwirayo mwachidziwikire ndi yaikazi, yatenga zaka kuti ifike pamenepo, ndipo ndi imene imaikira mazira ambiri. Ndiponso, kunena chilungamo, mcheni ndi waminga kwambiri, timinga tamphanda tobisala m'mnofu monse. Pa mbale sangapikisane ndi chambo kapena kampango. Kutenga mmodzi wapakatikati wa ndiwo za madzulo n'kubweza zikuluzikulu ndi chinthu chanzeru.

Kubweza nako kuli ndi kachitidwe kake, apo ayi munthu amangodyetsa ng'ona nsomba yakufa. Manja anyowetsedwe kaye, chifukwa manja ouma amachotsa kuterera kumene kumateteza khungu la nsomba ku matenda. Zala zisalowe m'makha, ndipo zisayandikire kukamwa, poti mcheni amaluma ngakhale ali m'boti. Mbedza ichotsedwe ndi chopanira chachitali. Pojambula, nsomba inyamulidwe chogona, dzanja lina kumchira lina kunsi kwa mimba, osati kuilendeweretsa pa chibwano. Zonsezi zithe isanakwane mphindi imodzi. Kenako igwiridwe m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera, mpaka ipalase yokha. Pamene pali ng'ona, ntchito imeneyi ichitike ndi chogwirira nsomba kukamwa kapena ili mu kaukonde, maso ali pamadzi.

Za chilolezo zisaiwalike. Usodzi m'Malawi uli pansi pa lamulo loyang'anira ndi kuteteza nsomba, ndipo nkhalango zotetezedwa monga Majete, imene mathithi a Kapichira ali m'malire ake, zili ndi malamulo akeake. Ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique nakonso owedza mwamasewera amafunika mapepala. Kufunsa ku ofesi ya za nsomba ya m'boma limene mukupita, kapena pa chipata cha nkhalango, kumatenga nthawi yochepa kuposa kukambirana ndi alonda zida zitalandidwa.

Amene mukufuna kuyesa chaka chino, pitani mvula isanagwe. M'chikwama muikemo masupuni anayi, mawaya khumi omangiratu kunyumba, mbedza zapadera, katupa ndi chopanira, ndipo musapite nokha.